Madzi a m'thanthwe lowola: zomwe ofufuza anapeza pansi pa Kasina, ndi pomwe fiqh imalekezera

Pali funso lomwe ophunzira a m'madrasa a kumapiri a Dedza amabwera nalo nthawi ndi nthawi. Munthu watunga madzi pamjigo madzulo ali mbee, koma pofika nthawi ya Swala ya Fajr afiira, ndipo pansi pa ndowa pakhazikika zonga dzimbiri. Kodi wudhu wa madzi amenewa ndi wolandirika? Yankho lake ndi lalifupi ndipo tifikapo. Chomwe chimatidetsa nkhawa n'chakuti amene amafunsa za madzi ofiira safunsa kanthu za madzi owoneka bwino, chonsecho mbiri ya kafukufuku wa madzi m'dziko muno ikusonyeza kuti ngozi yeniyeni kawirikawiri imabisala m'madzi omwe diso lawavomereza.

Kasina ili kumpoto kwa boma la Dedza, kufupi ndi Linthipe, m'dera lomwe madzi ake amatsikira mumtsinje wa Linthipe. Mtsinjewu umalandira Diamphwe ndi Lilongwe usanakathire m'nyanja ya Malawi ku Salima. Mapiri omwe amaoneka uku ndi uko, monga phiri la Dedza lotalika mamita 2,198 ndi mapiri a Chongoni, ndi a miyala yolimba ya granite ndi syenite. M'mapanga a miyala yomweyi ndi momwe muli zojambula zamakedzana zomwe UNESCO inazilemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Pansi pa minda ya chimanga ndi mbatatesi pali thanthwe lakale zedi, lomwe akatswiri amaliwerengera zaka zoposa 500 miliyoni. Thanthwe lotere, likakhala lamoyo, lilibe timipata tosunga madzi. Nanga mijigo imapopa chiyani? Zinatenga zaka makumi angapo kuti funsoli liyankhidwe bwino.

Azungu oyamba kuyeza miyala ya dziko lino sankafuna madzi. Ankafuna malasha, golide ndi miyala ina yogulitsa. A. R. Andrew ndi T. E. G. Bailey anayendera zigawo za Nyasaland ndipo anasindikiza zomwe anaona mu 1910. Zinthu zinasintha mu 1921 pamene Frank Dixey, yemwe anali atagwirako ntchito ku Sierra Leone, anabwera kudzakhala katswiri wa boma pa za miyala. Anakhala kuno mpaka 1939. Kunja amamukumbukira chifukwa cha mafupa a zinyama zakalekale a ku Karonga ndiponso miyala yachilendo yozungulira nyanja ya Chilwa, koma mbali yaikulu ya nthawi yake inathera pa zitsime. Mu 1929 nyumba ya malamulo ku London inakhazikitsa thumba la chitukuko cha maiko olamulidwa ndi Britain, ndipo ndalama zina za m'thumbamo zinagwira ntchito yokumba zitsime ndi mijigo m'midzi. Ntchitoyi inaperekedwa ku nthambi yoona za miyala, likulu lake ku Zomba. Mu 1931 Dixey anatulutsa buku lotchedwa A Practical Handbook of Water Supply.

Tisawapatse atsamunda ulemu woposa muyeso. Boma lawo linkafuna madzi kuti anthu othinana m'madera ena asamukire kumalo ouma ndi kumalima mbewu zobweretsa msonkho. Ndiponso makolo athu, Achewa, Angoni ndi Ayao a kwa Tambala, sanadikire Dixey kuti adziwe kuti m'mphepete mwa dambo madzi ali pafupi, kapena kuti pomwe pamera mkuyu ndi katope pansi pamakhala chinyezi. Chatsopano chomwe nthambiyo inabweretsa chinali kulemba: pachitsime chilichonse, akumba mamita angati, adutsa dothi lotani, madzi awapeza pati. Kaundula ameneyu ndiye anadzakhala maziko a zonse zotsatira.

Cha m'ma 1960 akatswiri a nthambiyi anajambula mapu a miyala ya dziko lonse chigawo ndi chigawo, ndipo la dera la Dedza analemba ndi E. C. Thatcher. Ku Linthipe kuli mwala wotuwa wotchedwa anorthosite, womwe ukawola umasanduka mtapo woyera woumbira mbale ndi makapu. Mtapo umenewu ndi umboni woonekera wa zomwe zikuchitika pansi pa dera lonse: madzi amvula, polowa pang'onopang'ono kwa zaka zosawerengeka, amafewetsa thanthwe kuchokera pamwamba kutsika pansi.

Tanthauzo la kuwola kumeneku pa nkhani ya madzi linamveka bwino kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pamene John Chilton ndi Amanda Smith-Carington, mogwirizana ndi ogwira ntchito m'boma, anasanthula kaundula wa mijigo ya dziko lonse n'kutulutsa lipoti lawo mu 1983. Chithunzi chomwe anapereka ndi ichi. Pamwamba pali katondo. Pansi pake pali dongo lomata, lomwe limasunga madzi koma silifulumira kuwatulutsa. Kutsika pang'ono, thanthwe lawola koma silinafike posanduka dongo: lili ngati mchenga wokhakhala ndi timiyala tophwanyika, ndipo apa ndi pomwe madzi amayenda. Kupitirira apo ndi thanthwe lamoyo, louma, kupatula pomwe lang'ambika. Gawo lonse lowolali nthawi zambiri limakhala la mamita 15 mpaka 30. Choncho pansi pa Kasina palibe nyanja kapena mtsinje wobisika monga ena amaganizira. Pali chinkhupule chopyapyala chomwe chimadzadzidwa ndi kagawo kakang'ono ka mvula ya chaka ndi chaka, chokwanira mjigo wa pamanja koma chosakwanira kuthirira munda waukulu.

Zinapezekanso kuti mijigo yambiri yakale inkakumbidwa mozama kuposa muyeso, n'kutsekereza ndi mipope yachitsulo gawo lomwe lija lokhala ndi madzi. Ku Livulezi, m'boma loyandikana nalo la Ntcheu, anayesa njira ina: mijigo yosazama kwambiri, mipope yapulasitiki yocheka timipata, timiyala tosefa mozungulira, ndi pampu yoti anthu a m'mudzi azitha kuikonza okha. Pampuyo inkatchedwa Maldev. Itakonzedwanso ku Kenya inasanduka Afridev, yomwe lero timapopa m'midzi ndi pamizikiti yambiri.

Wophunzira mbiri ya Chisilamu akawerenga zimenezi amakumbukira Abu Bakr Muhammad al-Karaji, katswiri wa masamu yemwe anakhala ku Baghdad, amene zaka pafupifupi 1,000 zapitazo analemba buku la Inbat al-Miyah al-Khafiyya, lonena za kutulutsa madzi obisika. M'bukumo muli kazindikiridwe ka malo a madzi poona zomera ndi mtundu wa miyala, kakumbidwe ka ngalande za pansi pa nthaka, ndi kayezedwe ka madzi poyerekeza kulemera kwake. Mulinso mutu wa harim, malo otetezedwa ozungulira chitsime omwe wina saloledwa kukumbapo china. Ma ulama a madhhab a Hanafi anaika mikono 40 pa chitsime chomwetsera ziweto ndi mikono 500 pa kasupe. Al-Karaji anatchula miyeso ya ma ulama, koma anaonjeza kuti kutalika koyenera kumadalira nthaka, pakuti madzi sayenda chimodzimodzi m'dothi lolimba ndi lofewa. Sitikunena kuti Chilton anaphunzira kwa iye. Tikungoona kuti m'mwambo wathu wamaphunziro, wodziwa malamulo ndi wodziwa nthaka ankafunsana.

Tibwerere ku ndowa ija. Pansi pa nthaka mpweya ndi wochepa, ndipo chitsulo chochokera m'thanthwe lowola chimasungunuka m'madzi osaoneka. Madziwo akatuluka n'kukumana ndi mpweya, chitsulocho chimasanduka dzimbiri. Nthawi zina chimachokera ku ndodo ndi mipope ya mjigo yomwe yadyeka. M'madhhab a Imam Shafi'i, omwe Asilamu ambiri a kuno timatsatira, madzi amasiya kukhala oyeretsa ngati chinthu choyera chomwe chikanatha kupewedwa chasakanikirana nawo n'kuwasintha kwambiri mpaka kuwachotsera dzina loti madzi. Koma kusintha kobwera ndi malo omwe madzi amakhala kapena kudutsa, monga dothi, ndere kapena mchere wa m'nthaka, sikuwononga kanthu. Imam Nawawi, yemwe anamwalira mu 1277, anafotokoza mfundoyi mu Minhaj al-Talibin. Madzi ofiira ndi chitsulo cha m'nthaka ndi a twahara. Wudhu ndi kusamba ndi zolandirika. Ndipo pa mlingo womwe umapezeka m'mijigo yambiri, chitsulo chimadetsa zovala ndi kuipitsa kakomedwe ka tiyi kuposa kudwalitsa munthu. Vuto lake lalikulu n'lakuti amayi amanyansidwa nawo n'kubwerera kuchitsime cha kudambo.

Tsopano taonani mbali inayo. M'miyala ina muli mchere wotchedwa fluoride. Ulibe mtundu, ulibe fungo, sumveka pakamwa. Wochepa umalimbitsa mano, koma wochuluka umawononga mano a ana pamene akukula, n'kusiya mawanga oderako osachoka, ndipo ukachulukitsa kwa zaka zambiri umalimbitsa mfundo ndi kupweteka mafupa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika malire a mamiligalamu 1.5 pa lita. Muyezo wa dziko lathu wa madzi a m'mijigo ndi zitsime, womwe unakhazikitsidwa mu 2005, unalola mpaka mamiligalamu 6. Mu 2007 K. Msonda, W. Masamba ndi E. Fabiano anasindikiza kafukufuku wa ku Nathenje, pamsewu womwewu wa M1 popita ku Lilongwe, yemwe anapeza mijigo yopitirira malire a WHO ndiponso ana asukulu a mano owonongeka. Mu 2020 ofufuza a ku yunivesite ya Strathclyde ku Scotland, pamodzi ndi akuluakulu a zamadzi m'boma, anaonetsa kuti kuchuluka kwa mcherewu kumatsatira mtundu wa mwala, ndipo granite, syenite ndi akasupe otentha ali m'gulu lofunika kusamala nalo. Kuwiritsa sikuuchotsa, klorini sauchotsa. Mijigo iwiri ya m'mudzi umodzi ikhoza kusiyana, chifukwa uliwonse ukumwa m'kagawo kake ka thanthwe.

Madzi oterewa ndi a twahara popanda chikaiko. Mtundu, kakomedwe ndi fungo, zizindikiro zitatu zomwe timaphunzitsa ana m'kalasi loyamba la fiqh, zonse zili bwino. Apa ndi pomwe ife aphunzitsi timalakwitsa tikalola kuti mawu amodzi oti "oyera" anyamule zinthu ziwiri. Mutu wa twahara umayankha funso lakuti: kodi ndingaime pamaso pa Allah nditadziyeretsa ndi madzi awa? Sunalembedwe kuti uyankhe ngati mwana angamwe madziwo kwa zaka khumi. Funso lachiwirili lili pansi pa mfundo ina ya Shariah, yoletsa kudzipweteka ndi kupweteka ena, ndipo pa mfundo imeneyo ma ulama nthawi zonse akhala akutumiza nkhani kwa eni luso, monga momwe amafunsira dokotala ngati wodwala angathe kusala.

Chimodzimodzi ndi muyeso wa qulla ziwiri, pafupifupi malita 200, kapena kuti dilamu imodzi. Madzi ofika pamenepo, najisi ikagweramo koma osasintha chimodzi mwa zizindikiro zitatu zija, amakhalabe oyeretsa. Ili ndi lamulo la ibada, lopeputsira anthu. Tizilombo ta kolera sitidziwa qulla. Mliri womwe unayamba m'mwezi wa Marichi 2022 n'kupitirira mu 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo madzi onyamula matendawa amatha kuoneka abwinobwino. M'dera lomwe madzi ali pafupi ndi pamwamba, makamaka m'dzinja kufupi ndi madambo, chimbudzi chokumba chikhoza kufika m'madzi omwewo omwe chitsime chikutunga. N'chifukwa chake alangizi a zaumoyo amati chimbudzi chikhale mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime, ndiponso kumunsi kwake. Ma ulama a Hanafi anakambirananso za mtunda wa pakati pa chitsime ndi dzenje la zonyansa. Ena anati mikono isanu, ena isanu ndi iwiri, koma ganizo lomwe linadaliridwa n'lakuti mtundawo umasiyana malinga ndi nthaka. Iwo ankayeza ndi mphuno ndi lilime, chifukwa ndizo zida zomwe anali nazo.

M'zaka zaposachedwa mijigo yambiri yakumbidwa pamizikiti ndi pamadrasa ndi chithandizo cha anthu akufuna kwabwino, potsatira chitsanzo cha Uthman ibn Affan, Allah asangalale naye, yemwe anagula chitsime cha Ruma ku Madina n'kuchipereka kwa anthu onse. Ndi sadaka yaikulu. Koma pabwalo la mzikiti malo amakhala ochepa, ndipo okumba amafuna kuimika galimoto pomwe pali posavuta, komwe nthawi zambiri ndi pafupi ndi zimbudzi ndi ngalande ya madzi a wudhu. Lamulo la zamadzi la 2013 linakhazikitsa National Water Resources Authority kuti iziyang'anira ntchito zotere, ndipo boma lili ndi labotale yoyezera madzi ku Lilongwe. Komiti ya mzikiti ili ndi ufulu wofunsa wokumba zinthu izi: mwakumba mamita angati, madzi mwawapeza pati, mipope yocheka timipata mwaiika pagawo liti, ndipo m'mwezi wa Okutobala mjigowu udzatulutsa madzi ochuluka bwanji. Pamwamba pa izo ifunse pepala la zotsatira za ku labotale, loonetsa tizilombo, chitsulo ndi fluoride, ana a pamadrasa asanayambe kumwa, ndipo pepalalo lisungidwe pamodzi ndi zikalata za malo a mzikiti.