Kulera mwana wochokera kunja: zofunika kudziwa m'mabanja a ku Dedza

Nkhani yotenga mwana wa dziko lina n'kumulera ngati wobala wekha ikatchulidwa, Amalawi ambiri amakumbukira Madonna, woimba wa ku America, yemwe adatenga David Banda ku Mchinji mu 2006, Mercy James mu 2009 ndi atsikana amapasa mu 2017. Ana amenewa adatuluka m'dziko muno. Koma m'mapiri a Dedza zimachitika mosiyana: mwana ndiye amalowa, kawirikawiri wapansi kapena pa njinga, kuchokera ku Angónia m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Pakhomo amalandiridwa tsiku lomwelo, koma sukulu, chipatala ndi malamulo zimafunsa mafunso amene banja silidawaganizire.

Malire odutsa pakati pa abale

Kuchokera ku Dedza kulowera ku Ntcheu, msewu wa M1 umayenda m'malire enieni a maiko awiriwa, moti m'malo ena munthu akangowoloka msewu wafika ku Mozambique. Mbali zonse kuli Achewa ndi Angoni olankhula chinenero chimodzi, okwatirana komanso opita kumaliro amodzi.

Ubalewu udakula pa nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, yomwe idayamba mu 1977 n'kutha ndi pangano la mtendere lomwe lidasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Dziko la Malawi lidasunga othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi, ndipo ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri mwa iwo adakhala m'midzi limodzi ndi eni nthaka. Nkhondo itatha ochuluka adabwerera kwawo, koma maukwati ndi zibale zidatsala. N'chifukwa chake lero mayi akamwalira ku Ulongue, sizodabwitsa kuona mng'ono wake wa ku Lobi kapena ku Bembeke akubwera ndi mwana pochokera kumaliro.

Masiku oyamba pakhomo

Pa chikhalidwe, mwana wotere sakhala mlendo. Mng'ono wa mayi ake ndi amayi aang'ono, mkulu wawo ndi amayi aakulu, ndipo ana a m'nyumbamo ndi abale ake. Akuluakulu adanena kale kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Komabe mwanayo amafika ali ndi chisoni chomwe sangathe kuchifotokoza. Ena amakhala duu osalankhula, ena amayambiranso kukodza pogona, ena amabisa chakudya kapena kupsa mtima pa zinthu zazing'ono. Izi ndi zizindikiro zodziwika za mwana amene wataya kholo ndi malo omwe adawazolowera, ndipo kumumenya kumangokulitsa mantha ake.

Ana a pakhomo nawo amaona kusintha. Ndiwo zimachepa, bulangete limagawidwa, ndipo ku Dedza, kumene mu Juni ndi Julaye kumazizira koopsa, bulangete si nkhani yaing'ono. Mwana amaweruza ngati walandiridwa poona zinthu za tsiku ndi tsiku: ndani amatumidwa kumjigo m'mamawa, ndani amagulidwa nsapato poyamba, ndani amajomba kusukulu nthawi yokumba kachewere. Ntchito zonse zolemetsa zikamagwera iye yekha, ndiye kuti banjalo lapeza wantchito, ngakhale pakamwa likumutchula mwana.

Kusukulu ndi kuchipatala

Mwana amene adayamba sukulu ku Mozambique amakhala atazolowera Chipwitikizi, pomwe kuno mayeso a Sitandade 8, omwe amakonzedwa ndi bungwe la Maneb, amalembedwa m'Chingerezi kupatula phunziro la Chichewa. Chaka cha maphunziro nachonso chimasiyana: ku Mozambique chimayamba kumayambiriro a chaka, kuno chimayamba mu Seputembala. Zotsatira zake n'zakuti mwanayo akhoza kubwezedwa kalasi n'kumaphunzira ndi ana aang'ono kwa iye, zomwe zimachititsa manyazi. Kumufotokozera mphunzitsi wamkulu mbiri ya mwanayo poyambirira kumathandiza kuti asamuone ngati mbuli.

Kuchipatala amafuna kudziwa akatemera omwe mwana adalandira ndi matenda omwe adadwalapo. Choncho khadi la kusikelo la kwawo, ngakhale likhale la m'Chipwitikizi, ndi lofunika kulitenga pamodzi ndi zovala zake.

Pepala lofunika koposa ndi chiphaso cha kubadwa. Kuyambira mu 2015 kulembetsa mwana aliyense wobadwira m'dziko muno n'kokakamiza, ndipo ntchitoyi ili m'manja mwa bungwe la National Registration Bureau. Mwana wobadwira ku Mozambique umboni wa kubadwa kwake umachokera ku ofesi za kalembera za kumeneko. Vuto limaonekera akakwanitsa zaka 16, msinkhu wotengera chiphaso cha unzika, chomwe masiku ano chimafunika polembetsa nambala ya foni, potsegula akaunti kubanki ndi polembetsa mavoti. Unzika wa Malawi umatsata kholo, ndipo kukulira m'mudzi wa kuno pakokha sikuupereka. Kunama kuti mwanayo adabadwira kuno ndi mlandu. Nkhani za unzika zimayendetsedwa ndi nthambi yoona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko, ndipo n'kwanzeru kuziyamba mwana akadali wamng'ono, achibale odziwa mbiri yake akadali moyo.

Kulera n'kosiyana ndi kutenga mwalamulo

Mabanja ambiri amalera mwana pongogwirizana pachibale, mwina mfumu ikudziwa. Kutenga mwana mwalamulo ndi chinthu china, ndipo kumatsata lamulo la Adoption of Children Act, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1949 dziko lino likadali Nyasaland. Ndi bwalo la milandu lokha lomwe limapereka chilolezo. Wopempha ayenera kukhala wa zaka 25 kapena kuposerapo, ndipo kawirikawiri akhale wamkulu kwa mwanayo ndi zaka 21. Makolo kapena omuyang'anira mwanayo ayenera kuvomereza, ndipo bwalo limasankha munthu woimira zofuna za mwana, yemwe amakhala wa ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Mwamuna yemwe ali yekha saloledwa kutenga mwana wamkazi pokhapokha patakhala zifukwa zapadera. Chilolezo chikaperekedwa, udindo ndi mphamvu zonse za makolo omubereka zimasamukira kwa omutengawo.

Lamuloli limanenanso kuti wopempha komanso mwanayo akhale okhala m'Malawi. Mfundo imeneyi ndiyo idavuta pa mlandu wa Mercy James. Mu Epulo 2009 woweruza Esmie Chombo adakana pempho la Madonna poti sadali wokhala m'dziko muno, koma mu Juni chaka chomwecho bwalo lalikulu la apilo, motsogozedwa ndi Lovemore Munlo, lidatembenuza chigamulocho potsindika ubwino wa mwana. Kwa banja la ku Dedza, mfundoyi ikutanthauza kuti kalowedwe ndi kakhalidwe ka mwanayo m'dziko muno kayenera kukhala kolongosoka.

Kusamala kotereku kuli ndi chifukwa. Chipata cha Dedza ndi njira zachidule zozungulira pamenepo zimadutsanso anthu ozembetsa anzawo. Lamulo la Trafficking in Persons Act la 2015 limapereka chilango chofika zaka 21 m'ndende kwa wozembetsa mwana. Banja la mtima wabwino lomwe ladziwitsa mfumu, apolisi ndi ofesi ya chisamaliro cha anthu paboma limadziteteza ku zikayikiro, komanso limateteza mwanayo.

Funso la mbumba ndi chuma

Vuto lalikulu limadza womulera akamwalira. M'midzi yambiri ya Achewa mwana ndi wa mbumba ya mayi, ndipo munda umatsata kuchikazi moyang'aniridwa ndi mwini mbumba, yemwe amakhala malume. Mwana wa mng'ono wa mayi wa pakhomo amalowa m'mbumbamo mosavuta chifukwa ndi magazi awo. Koma mwana amene wabwera ndi bambo, pomwe bamboyo ali pachikamwini, alibe mbumba m'mudzimo. Banja likatha kapena bamboyo akamwalira, mwanayo akhoza kutsala wopanda womuyankhulira, kwawo atakuiwala.

Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limawerengera mwana wotengedwa mwalamulo ngati mwana wa malemuyo, ndipo limaletsa kulanda chuma chamasiye. Mwana amene adangoleredwa popanda chilolezo cha bwalo amafunika kupereka umboni woti amadalira malemuyo, ndipo pamaliro umboni wotere suchedwa kutsutsidwa. Njira yodalirika ndi kulemba wilo yomutchula dzina, komanso kukhala pansi ndi mwini mbumba, mfumu ili pomwepo, kugwirizana za munda womwe mwanayo adzalime.

Mwana adziwe kwawo

Gawo 23 la malamulo oyendetsera dziko lino limati ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo posatengera mmene adabadwira, ndipo aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi dzina, unzika komanso wodziwa makolo ake. Mabanja ena amabisa mbiri ya mwana poganiza kuti akumuteteza, koma m'mudzi chinsinsi chotere sichikhalitsa: amachimvera kwa anzake pokangana kapena kwa wachibale amene waledzera pamaliro. Kumva kotere kumapweteka kusiyana ndi kuuzidwa mwachikondi ndi omulera, pang'onopang'ono monga mwa msinkhu wake.

Mabanja a ku Dedza ali ndi mwayi womwe olera ana ochokera kutsidya kwa nyanja alibe: kwawo kwa mwanayo n'kofikika tsiku limodzi. Atha kupita naye kukaona agogo ake, kukamuonetsa manda a mayi ake, ndi kusunga dzina la mfunda wake. Pa ulendo womwewo angathe kukatenga makalata a kubadwa kwake, omwe adzafunike tsiku limene omulerawo sadzakhalapo kuti amuikire umboni.