Ana Ofuna Kuuluka, Oyamba ndi Kuguba

Madzulo aŵiri pa sabata, m'matauni ambiri a ku Britain, anyamata ndi atsikana a zaka zoyambira 12 amasonkhana pabwalo kuseri kwa kanyumba ka gulu lawo atavala yunifomu yonga ya asilikali a m'ndege. Chimene chinawakokera kumeneko ndi ndege imene. Ena amalakalaka kudzaiyendetsa, ena kudzakonza injini zake. Koma phunziro loyamba limene amalandira nlakuima: zidendene pamodzi, manja m'mbali, maso kutsogolo, osakanda ngakhale pamene payabwa. Akadziŵa kuima amaphunzira kutembenuka, ndipo akadziŵa kutembenuka amayamba kuguba. Ndege imadza pambuyo pake.

Kholo lililonse lingafunse kuti, kodi kuponda pansi nthaŵi imodzi kukugwirizana bwanji ndi kuuluka? Funsoli nlabwino, ndipo yankho lake lili kutali ndithu, zaka zoposa 400 zapitazo, ndege isanapangidwe nkomwe.

M'zaka za m'ma 1590 dziko la Netherlands linali pa nkhondo yodzichotsa mu ulamuliro wa Spain. Mfuti za masiku amenewo zinali zonga gogodela: msilikali akawomba kamodzi ankataya nthaŵi yaitali akuthira wonga ndi kusinja chipolopolo, ndipo pa nthaŵi yonseyo anali ngati wopanda chida. Mtsogoleri wa nkhondo, Maurice wa ku Nassau, pamodzi ndi mbale wake William Louis, ataŵerenga mabuku a Aroma akale anapeza njira. Anaika asilikali m'mizere. Mzere wakutsogolo ukawomba unkabwerera kumbuyo kukathira wonga, wachiŵiri nkuwomba, kenaka wachitatu, kotero kuti moto sunkaleka. Komatu njira imeneyi inkafuna kuti anthu mazanamazana asunthe ngati munthu mmodzi, pakuti wina akatembenukira kolakwika ali ndi chingwe choyaka m'manja pakati pa anzake onyamula wonga, ngozi yake inali yoopsa. Nchifukwa chake ankawagubitsa tsiku ndi tsiku. M'chaka cha 1607 Jacob de Gheyn anasindikiza buku la zithunzi limene linagaŵa ntchito yowomba mfuti imodzi m'zigawo zoposa 40, chigawo chilichonse ndi lamulo lakelake. Tsono perete poyamba sanali chionetsero ayi. Inali ntchito yeniyeni ya pankhondo.

Mfuti zitayamba kulavula zipolopolo ngati mvula, kuima m'mizere kunasanduka kudzipereka ku imfa, ndipo kuguba kunachoka kubwalo la nkhondo. Chodabwitsa nchakuti sikunathe. Kunatsalira kubwalo la perete, ndipo posachedwa kunapeza ana. Ku Glasgow kunali munthu wina, William Alexander Smith, amene Loŵeruka ankagubitsa asilikali odzipereka popanda vuto, koma Lamulungu ankalephera kukhazika chete anyamata a m'kalasi lake la Sande sukulu. M'chaka cha 1883 anayambitsa gulu la Boys' Brigade, nawapatsa anyamatawo kapu, lamba ndi perete. Anyamata amene ankathaŵa phunziro anayamba kufika nthaŵi isanakwane.

Za ndege zinaloŵamo m'chaka cha 1938, mitambo ya nkhondo itayamba kuda ku Ulaya. John Adrian Chamier, mkulu wopuma wa ankhondo a m'ndege, anaona kuti dziko lake lidzasoŵa achinyamata odziŵa za ndege, choncho anayambitsa gulu la Air Defence Cadet Corps. Nthambi yoyamba inatsegulidwa ku Leicester, ndipo nthambi 50 zoyambirira zinapatsidwa chilembo F pambali pa nambala yawo, kusonyeza kuti ndizo zinayala maziko. Mnyamata aliyense ankapereka tiki pa sabata. Nkhondo itayamba mu 1939, anyamataŵa ankanyamula mauthenga pa mabwalo a ndege, kudzaza mchenga m'matumba ndi kuika zipolopolo m'malamba a mfuti. Boma litaona phindu lake linatenga gululo, ndipo pa 5 February 1941 linakhala Air Training Corps, Mfumu George VI ikhala mkulu wake. Pofika 1942 mamembala anapitirira 200,000.

Pano tiyenera kuima pang'ono, pakuti nkhani imeneyi ili ndi mbali yolemera imene zithunzi zokongola za perete sizionetsa. Ana amenewo sankakonzekera mpikisano. Ankakonzekera nkhondo. Anyamata ambirimbiri anachoka m'gululi nkuloŵa Royal Air Force, ndipo ena mwa iwo anatumizidwa ku ndege zoponya mabomba. Mwa anthu pafupifupi 125,000 amene anauluka m'nthambi imeneyo, oposa 55,000 anafa. Mayi amene ankasita yunifomu ya mwana wake wa zaka 16 ankadziŵa bwino lomwe kumene yunifomuyo ikuloza.

Tsidya linalo zinthu zinali zoipa koposa. Gulu la achinyamata la Hitler linali ndi nthambi yakeyake ya ndege, mmene anyamata ankaguba ndi kuphunzira kuulutsa ndege zopanda injini. Kuyambira 1943 ana a sukulu ankatengedwa kalasi lathunthu kukathandiza pa mizinga yowombera ndege. Mmodzi mwa iwo anali mnyamata wa zaka 16 wa ku seminale, Joseph Ratzinger, amene mu 2005 anadzakhala Papa Benedikto XVI. Choncho usiku wina mu 1944 zinali zotheka kuti mnyamata amene anaphunzira kuguba ku Leicester ali m'mwamba, wina amene anaphunzira kuguba ku Munich ali pansi, aliyense akufuna moyo wa mnzake. Mapazi awo anaphunzitsidwa chimodzimodzi.

Ku America nakonso magulu otere anabadwa m'nyengo yomweyo. Dziko la Canada linakhazikitsa Air Cadet League mu 1941. Ku United States gulu la Civil Air Patrol linayamba pa 1 December 1941, patangotsala masiku 6 kuti Pearl Harbor iphulitsidwe, ndipo mu October 1942 linayamba kulandira achinyamata, anyamata ndi atsikana omwe. Pa ichi Amereka anatsogola, chifukwa ku Canada atsikana analoledwa mwalamulo mu 1975, ndipo ku Britain kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980.

Nkhondo itatha mu 1945, magulu aŵa akanatha kufa nayo pamodzi. Chiŵerengero chinatsikadi kwambiri. Chimene chinawasunga, mwa zina, ndicho kusandutsa zokonzekera nkhondo kukhala maseŵera ndi ubwenzi. Mu 1947 Canada ndi Britain anayamba kusinthana achinyamata kuti akachezerane, ndipo mu 1948 Amereka ndi Akanada anayamba kupikisana pa perete, kulimbirana chikho chotchedwa ndi dzina la Major General Lucas V. Beau, amene ankatsogolera Civil Air Patrol. Kuti apeze gulu lokaimira dziko, Amereka ankachititsa mpikisano wawo wa m'dziko, umene m'zaka za m'ma 1970 unakula nkuphatikizamo mayeso olemba ndi kuthamanga. Ku Britain magulu amayamba kupikisana m'dera lawo, opambana nkukwera ku chigawo, mpaka kukafika pa mpikisano wa dziko lonse.

Nanga pa mpikisano wotere amaona chiyani? Choyamba ndi kuyendera. Oweruza amadutsa pamzere akuyang'ana nsapato ngati zikuŵala, mpendero wa buluku ngati wasitidwa mowongoka, baji la pachipewa ngati lakhala pamalo pake. Kaulusi kamodzi kolendeŵera kangathe kuchotsetsa malikisi a gulu lonse. Pambuyo pake gulu limachita mndandanda wa mayendedwe oikidwiratu, wofanana kwa onse. Mwa mwambo wa Royal Air Force, kuguba kofulumira ndi mapazi 120 pa mphindi, phazi lililonse mainchesi 30, amene ali ngati masentimita 76. Kuguba kwapang'onopang'ono ndi mapazi 60 pa mphindi, ndipo nkovuta kuposa kofulumira, pakuti mwendo umakhala m'malere nthaŵi yaitali ndipo wogwedezeka aliyense amaonekera poyera.

Luso lalikulu lili pa lamulo. Lamulo la perete lili ndi zigawo ziŵiri: mawu ochenjeza, amene amakokedwa motalika kuti aliyense adziŵe chimene chikudza, ndi mawu ochititsa, aafupi ndi akuthwa ngati kuthyoka kwa nkhuni youma. Gulu likamayenda, mawu achiŵiriŵa ayenera kutuluka pamene phazi loyenera likugunda pansi. Akachedwa ndi phazi limodzi lokha, anthu onse amasokonezeka ngakhale aliyense wa iwo wachita zimene anaphunzira. Ndipo amene amalamulayo si mkulu wa usilikali ayi. Ndi mwana mnzawo, kaŵirikaŵiri wa zaka 16 kapena 17, amene wasenza mndandanda wonse pamutu, akuyesanso ndi maso kukula kwa bwalo kuti asagubitsire anzake pakhoma. Ife tikuganiza kuti phunziro lenileni lagona pamenepa. Mtsikana amene kunyumba amayankhula monong'ona aphunzira kutulutsa mawu omveka bwalo lonse, ndi kuvomera kuti gulu likalakwa chifukwa cha iye, mlandu ngwake.

Koma nchifukwa ninji ana amakukonda kuguba? Katswiri wa mbiri yakale William McNeill anatengedwa usilikali mu 1941, nakagubitsidwa m'fumbi la ku Texas. Iye ankaona kuti ntchitoyo njopanda pake pa nkhondo yamakono, komabe anadabwa kupeza kuti akamaponda pamodzi ndi anzake mtima wake unkasangalala, ngati kuti wakula kuposa thupi lake. Anakhala nalo funsolo zaka zoposa 50, ndipo mu 1995 analemba buku lotchedwa Keeping Together in Time, mmene ananena kuti kuguba ndi kuvina ndi pachibale: anthu akasuntha minofu yawo pa kugunda kumodzi kwa nthaŵi yaitali, amayamba kudzimva kuti ndi amodzi.

Ife kuno sitikanafuna buku kuti tidziŵe zimenezi. Makolo athu anaona perete wa King's African Rifles, ena anagubamo pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ndipo atabwerera kumudzi anamusandutsa gule. Beni wa kwa Ayao, dzina lake lochokera ku bandi ya asilikali, malipenga a ku Nkhata Bay ndi mganda wa m'chigawo cha pakati, onse ndi ana a perete. Pa malipenga pali mizere yowongoka, zovala zoyera zosita bwino, maudindo onga a usilikali, ndi magulu otchedwa maboma amene amayenderana kukapikisana. Anthu oonerera amadziŵa msanga boma limene laponda pamodzi ndi limene labalalika, monga momwe oweruza a ku Canada amadziŵira. Makolo athu anatenga chida cha atsamunda, nachotsamo mfuti, naikamo chikho cha mphonda cholira.

Komanso tikudziŵa mbali inayo, ndipo tinaidziŵa ndi thupi lathu. Gulu la Malaŵi Young Pioneers linayamba mu 1963 ndi zolinga zomveka bwino. Ku Nasawa ndi ku malo ena achinyamata ankaphunzira ulimi, ntchito zamanja ndi mwambo, ndipo ankaguba mokongola pa zikondwerero za dziko. Koma gulu lomwelo linapatsidwa mfuti ndi mphamvu yomanga anthu, ndipo ambiri a ife tikukumbukira kuimitsidwa pakhomo la msika kapena pokwerera basi kufunsidwa khadi la chipani. Zinatha mu December 1993, pamene asilikali aŵiri ataphedwa ku Mzuzu, gulu lankhondo linalanda zida za apayoniya pa ntchito imene inatchedwa Operation Bwezani, ambiri nkuthaŵira ku Mozambique. Ngakhale mawu akuti kadeti, amene kwina amatanthauza mwana wophunzira za ndege, kwathu kuno ndale zinawadetsa kotero kuti munthu akawamva amayamba wayang'ana kumbuyo.

Tsono sitinganene kuti perete amaumba khalidwe labwino mwa iye yekha, monga amanenera ena omukonda. Amaphunzitsa kumvera msanga, ndipo kumvera msanga kumatumikira aliyense amene waima kutsogolo. Chimene chasiyanitsa magulu a ku Britain, Canada ndi United States m'zaka za pambuyo pa nkhondo ndi malire amene anaikidwa powazungulira. Mwana amaloŵa mwa kufuna kwake, ndipo amatuluka tsiku limene wafuna. Salonjeza kudzakhala msilikali, ndipo ambiri sakhaladi asilikali. Alibe mphamvu iliyonse pa munthu wa mumsewu. Gululo si la chipani. Makolo amaloledwa kudzaonerera, kufunsa, ndi kukhala m'makomiti osamalira ndalama za nthambi. Kholo limene mwana wake wapempha kuloŵa gulu lililonse lovala yunifomu, kaya kuno kaya kunja kumene abale athu ambiri akulerera ana awo, lingachite bwino kufunsa za malire ameneŵa lisanafunse za mtengo wa nsapato.

Pa mipikisano ina pamakhala gawo lomaliza limene oonerera amaliyembekeza koposa. Mwambo wake ngwofanana ndi wa gulu la asilikali a Royal Air Force limene linakhazikitsidwa mu 1960 ndi dzina loti Queen's Colour Squadron, ndipo tsopano likutchedwa King's Colour Squadron, lodziŵika ndi perete wopanda lamulo. Ana nawonso amayesa. Wolamula amanena mawu amodzi poyamba, kenaka nkukhala chete. Kuyambira pamenepo mizere imapatukana, imapyozana, imazungulira nkudzakumananso, kwa mphindi zingapo, popanda wouza mnzake chochita. Aliyense akuŵerenga mumtima, atasenza mayendedwe onse amene anayeseza miyezi yathunthu m'bwalo lozizira. M'holo monse simumveka kanthu koma nsapato. Mwana wa kumapeto kwa mzere sangathe kuona anzake a mbali inayo, ndipo saloledwa kucheuka. Amangoŵerenga mpaka pa nambala yake, natembenuka, akukhulupirira kuti enawo atembenukanso.