Khoswe amene anatenga dzina la Maclear

Dzina loti Cape Maclear si lachilendo kwa aliyense wodziwa Mangochi. David Livingstone anatcha malowo motero mu 1861 polemekeza bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa za nyenyezi wa ku Cape Town. Dzina lomwelo linakagweranso khoswe wina, kutali kwambiri ndi nyanja ya Malawi.

Mwana wa Thomas, John Maclear, ankatsogolera sitima ya Angerezi ya HMS Flying Fish imene inakocheza pachilumba cha Christmas, makilomita pafupifupi 350 kummwera kwa Java. Nthawiyo pachilumbapo panalibe mudzi. Panali nkhalango yowirira, nkhanu zofiira, ndi mitundu iwiri ya makoswe yosapezeka kwina kulikonse. Mu 1887 Oldfield Thomas wa ku British Museum anaupatsa mtundu umodziwo dzina la Maclear, ndipo lero umatchedwa Rattus macleari.

Chaka chotsatira Britain inatenga chilumbacho chifukwa cha miyala ya phosphate yopangira feteleza. Charles Andrews, amene anakhalako mu 1897 ndi 1898, anapeza makoswewa ali ponseponse dzuwa likangolowa. Ankalowa m'matenti, kuyenda pa anthu ogona, kuwetekula chakudya ngakhale nsapato zachikopa. Munthu sankamuopa.

Mu 1899 sitima yotchedwa Hindustan inafika ndi katundu, ndipo m'katundumo munali makoswe akuda, onga a m'nkhokwe aja. Posakhalitsa anthu anayamba kuona makoswe a pachilumba akukwawa m'njira masana, odwala, akufa. Andrews atabwererako mu 1908 sanapeze ngakhale mmodzi. Mtundu wachiwiri uja nawonso unali utatha.

Palibe amene anawasaka, ndipo nkhalango yambiri inali chikhalire. Dokotala wina, Herbert Durham, anaganizira tizilombo ta trypanosoma, abale a tija timayambitsa kaodzera, kungoti iti timafalitsidwa ndi nthata, osati kashembe. Makoswe akuda anali atatizolowera. Eni chilumba analibe chitetezo m'thupi. Ganizo lakelo linakhala zaka pafupifupi zana lopanda umboni wokwanira, mwinanso chifukwa ndi ochepa amene amalira maliro a khoswe.

Umboniwo unadza mu 2008, asayansi atayeza DNA ya zikopa zakale zosungidwa ku Britain. Zikopa zotengedwa makoswe akuda asanafike zinalibe tizilomboto. Zina mwa zotengedwa pambuyo pake zinali nato.