Omar Yaghi: mwana wa othawa kwawo amene anatunga madzi mu mpweya

Aliyense amene analawirirapo mbandakucha kukaima pamzere wa pa mjigo amadziwa kuti madzi akasowa, ntchito zonse za pakhomo zimaima. Lero tikambe za katswiri wa sayansi amene anakula ndi vuto limeneli, ndipo atakula analifunira yankho pamalo amene ambiri sitingawaganizire, mu mpweya umene timapumawu.

Omar Yaghi anabadwa pa 9 February 1965 mumzinda wa Amman ku Jordan. Makolo ake anali Apalestina amene anathawa kwawo pa nkhondo ya 1948. Banja lonse, ana ambirimbiri, linkagona m'chipinda chimodzi pamodzi ndi ziweto, m'nyumba yopanda magetsi. Bambo ake, amene anali ndi butchala, anangolekezera sukulu ku pulayimale, ndipo mayi ake sankadziwa kuwerenga kapena kulemba. Madzi ankafika m'dera lawo kwa maola ochepa, kamodzi pa mlungu kapena pa milungu iwiri. Omar ankadzuka m'mamawa kukatsegula mipopi kuti banja litunge okwanira kudikirira ulendo wina.

Ali ndi zaka 10 analowa mu laibulale ya pasukulu yawo n'kutsegula buku lina. Anaonamo zithunzi za timipira tolumikizidwa ndi timitengo. Sanadziwe kuti n'chiyani, koma zinamukoka mtima. Pambuyo pake anadzamva kuti zinali zithunzi za mamolekyu, tizidutswa tosaoneka ndi maso timene timapanga chinthu chilichonse.

Ali ndi zaka 15, bambo ake anamuuza kuti apite ku America akaphunzire. Anafika akudziwa Chingerezi chochepa, nayamba pa koleji yaing'ono ya Hudson Valley Community College mumzinda wa Troy, m'boma la New York. Ankadzithandiza ndi maganyu olongedza katundu m'sitolo ndi kukolopa. Mu 1985 anatenga digiri yoyamba ku State University of New York ku Albany, ndipo mu 1990 anatenga digiri ya udokotala ku University of Illinois pansi pa Pulofesa Walter Klemperer. Nthambi ya kemisitiri imene anaphunzira ndi yoona za zitsulo, mchere ndi miyala, yosiyana ndi ina yoona za zinthu zokhala ndi kaboni monga mafuta ndi shuga. Atatha zaka ziwiri ku Harvard, mu 1992 anayamba kuphunzitsa ndi kufufuza payekha ku Arizona State University.

Kumeneko anayamba kufunsa funso limene linadzakhala ntchito ya moyo wake: kodi n'zotheka kumanga chinthu ndi mamolekyu motsata pulani, monga mmisiri amangira nyumba? Ena anali atayesapo. Mu 1989 Richard Robson wa ku University of Melbourne ku Australia analumikiza mkuwa ndi mamolekyu a kaboni n'kupanga chimango chokhala ndi mipata mkati, koma chinali chosalimba, chosachedwa kugwa. Susumu Kitagawa wa ku Japan anadzasonyeza mu 1997 kuti mpweya ukhoza kulowa ndi kutuluka m'zimango zotere. Komabe akatswiri ambiri ankakhulupirira kuti ukangochotsa zimene zadzaza m'mipatamo, chimango chonse chiphwasuka.

Yaghi anatcha zinthuzi dzina limene masiku ano amalifupikitsa kuti MOF. Kuti timvetse, tiganize za nkhokwe yolukidwa ndi nsungwi. Timagulu ta maatomu a chitsulo ndiwo mfundo, mamolekyu a kaboni ndiwo nsungwi zolumikiza mfundozo, ndipo mkati mumatsala malo osungiramo zinthu. Mu 1999 anatulutsa MOF-5, yopangidwa ndi zinki. Anaikhuthula zonse zamkati, sinagwe. Anaitenthetsa mpaka madigiri 300, inaimabe. Ukaiona ndi maso ndi ufa chabe, koma utati uyale makoma onse a timipata ta m'magalamu ochepa a ufawo, angakute bwalo lonse la mpira. Kuchokera pamenepo akatswiri m'maiko osiyanasiyana apanga mitundu ya MOF yoposa 10,000, ina yogwira mpweya woipa wa kaboni wotuluka m'mafakitale, ina yosungira gasi.

Yaghi anaphunzitsanso ku University of Michigan ndi ku UCLA, ndipo mu 2012 anapita ku University of California ku Berkeley. Ndi kumeneko kumene ntchito yake inabwerera ku vuto la ubwana wake. Gulu lake linaona kuti MOF ina imayamwa chinyezi ngakhale mu mpweya wouma kwambiri, n'kuchitulutsanso ikangotenthedwa pang'ono. Mu 2017, mogwirizana ndi gulu la Pulofesa Evelyn Wang wa ku MIT, analengeza za kachipangizo kogwiritsa ntchito nzeru imeneyi. Kagwiridwe kake n'kosavuta kumva. Usiku bokosi limatsegulidwa, ufa uja umakoka chinyezi. Masana limatsekedwa, dzuwa limatenthetsa ufawo, nthunzi imatuluka n'kusanduka madontho m'mbali mwa bokosi. Anakayesa m'chipululu cha Arizona, ndipo mu 2022 anakayesanso ku Death Valley, amodzi mwa malo otentha kwambiri padziko lapansi. Madzi anatuluka popanda magetsi, ndi mphamvu ya dzuwa yokha.

Tisakokomeze. Ku Death Valley kilogalamu imodzi ya ufawo inkapereka madzi pafupifupi kapu imodzi pa tsiku. Mudzi sungamwe pamenepo, ndipo mjigo ndi chitsime zidakali zofunika. Ntchito yotsitsa mtengo wa zipangizozi ndi kuchulukitsa madzi ake ikupitirira. Chimene chinatsimikizika n'chakuti mpweya wa m'chipululu uli ndi madzi amene munthu angatunge.

Mu 2015 analandira mphoto ya King Faisal ya sayansi, mu 2018 mphoto ya Wolf, ndipo pa 8 October 2025 zinalengezedwa kuti wapata mphoto ya Nobel ya kemisitiri pamodzi ndi Robson ndi Kitagawa.

Ophunzira athu, werengani zakazi bwinobwino. Kuchokera tsiku limene mwana uja anatsegula buku mu laibulale kufika pa MOF-5 panadutsa zaka 24, ndipo kuchokera pa MOF-5 kufika pa kachipangizo kotunga madzi panadutsa zaka zina 18. Inunso makolo, kumbukirani kuti amene anamuuza kuti apite akaphunzire anali bambo wogulitsa nyama, amene iye mwini sanafike n'komwe ku sekondale.