Embangweni, Mishoni Imene Anthu Ankapitako Wapansi

Kumwera kwa boma la Mzimba, m'dera la Inkosi Mzukuzuku, kuli tauni yaing'ono ya Embangweni, imene wapaulendo wochokera ku Lilongwe amaipeza akapatuka pa Jenda n'kusiya msewu wa M1. Ambiri lero amaidziwa chifukwa cha chipatala cha mishoni, sukulu ya ana ovutika kumva, sekondale ya Robert Laws ndi koleji ya aphunzitsi ya Loudon, koma mbiri yake inayamba kumveka patali chifukwa cha makamu a anthu amene ankayenda wapansi masiku angapo kudzachita misonkhano ya Mgonero.

Uthenga wa Mishoni ya Livingstonia unafika kwa Angoni a M'mbelwa kudzera mwa William Koyi, mlaliki wachixhosa wochokera ku Lovedale ku South Africa, amene chilankhulo chake Angoni ankachimva, ndipo anagwira ntchito ku Njuyu mpaka imfa yake mu 1886. Zipatso zinachedwa kuoneka, pakuti Angoni oyamba, mmodzi mwa iwo Mawelera Tembo, anabatizidwa mu 1890. Zinthu zinasintha atabwera Donald Fraser, m'busa wa ku Scotland amene anthu anamutcha Chisekeseke, yemwe mu 1898 anaitanitsa ku Ekwendeni msonkhano wa masiku angapo, wotsatira mwambo wa kwawo umene akhristu a m'midzi yotalikirana ankasonkhana malo amodzi kudzikonzekeretsa, kubatiza atsopano ndi kudya Mgonero tsiku la Sabata. Anthu zikwi zingapo anafika. Fraser atakhala kanthawi ku Hora, anasamutsira siteshoni ku Embangweni mu 1902, chifukwa midzi ya Angoni inali kusendera chakumwera pofuna nthaka yatsopano, ndipo malowo anatchedwa Loudon pokumbukira Dr Loudon wa ku Hamilton. Mkazi wa Fraser, Agnes, amene anali dokotala, ndiye anayamba kuona odwala.

Ulendo wopita ku misonkhanoyi unali mbali ya chipembedzocho. Msonkhano unkachitika m'chilimwe, mitsinje itaphwa ndiponso chakudya chili m'nkhokwe, ndipo mudzi uliwonse wokhala ndi sukulu unkanyamuka pamodzi ndi mphunzitsi wake, amayi atasenza madengu a ufa ndi miphika, ana ali kumbuyo, amuna atanyamula mphasa ndi nkhwangwa. Akafika ankamanga misasa, ndiye kuti timakumbi ta mitengo ndi udzu togonamo masiku ochepa, amuna kwaokha ndi amayi kwaokha, kotero kuti siteshoni ya nyumba zowerengeka inkasanduka mudzi waukulu wofuka utsi m'mawa ndi madzulo. Ofuna ubatizo ankayamba afunsidwa za chiphunzitso ndi za makhalidwe awo, ndipo amene sanakhoze ankabwerera mtunda wonsewo kukadikira nthawi ina, chinthu chimene chikusonyeza kuti anthuwa sankayendera chikondwerero chokha.

Chuma chachikulu chimene misonkhanoyi inasiya ndi nyimbo. Fraser ankalimbikitsa magulu a m'midzi kubwera ndi nyimbo zatsopano zopeka okha n'kupikisana, ndipo anthu monga Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula anatenga maimbidwe achingoni, a mtsogoleri woyambitsa ndi khamu lovomera, n'kuikamo mawu a Chikhristu, mwakuti zambiri mwa nyimbozo zinalowa m'buku la Sumu za Ukristu. Amishoni ena, makamaka Walter Elmslie, ankakayikira kutengeka mtima kwa makamuwo. Wolemba mbiri T. Jack Thompson anaona kuti Angoni anailandira msanga misonkhanoyi chifukwa inkafanana ndi incwala, mwambo wawo wakale wosonkhanitsa mtundu wonse polawa zakudya zatsopano. Maganizo amenewa ndi omveka, pakuti anthu amene makolo awo anawoloka Zambezi mu 1835 ndi Zwangendaba sanafunike kuphunzitsidwa kuyenda m'magulu kapena kuimba pamodzi.

Pafupi ndi tchalitchi chachikulu cha njerwa pali manda amene mlendo sayenera kuwadutsa mofulumira. Fraser anachoka mu 1925 ndipo anamwalira ku Scotland mu 1933, koma phulusa la thupi lake linabweretsedwa ku Embangweni, kumene lili pafupi ndi manda a Jonathan Chirwa, mnzake pa ntchito, amene mu 1914 anadzozedwa ubusa pamodzi ndi Yesaya Zerenji Mwasi ndi Hezekiah Tweya, abusa oyamba achikuda a Livingstonia.

Njira za ku Loudon sizinathere m'malire a Nyasaland. Aphunzitsi ndi alaliki ochokera pasiteshonipa ankatsikira kumadzulo, m'chigwa cha Luangwa, kukatsegula sukulu pakati pa Asenga, ndipo ntchito imeneyo ndi imene inabala mishoni ya Chasefu ku Northern Rhodesia. Mipingo ya tsidya limenelo, kuphatikizapo ya ku Lundazi, inakhala pansi pa Sinodi ya Livingstonia mpaka mu 1984, pamene inaima payokha monga Sinodi ya Zambia ya CCAP.