Tsamba m'kati mwa tsamba: mbiri ya iframe ndi oyesa mawebusaiti

Munthu akamalipira pa intaneti, kabokosi kamene amalembamo nambala ya khadi lake nthawi zambiri sikakhala ka sitolo imene akugulako. Maso amaona tsamba limodzi, koma pamakhala awiri: la sitolo, ndi lina la kampani yolandira ndalama monga Stripe, lolowetsedwa m'kati mwa loyambalo ndi chimene akatswiri amachitcha iframe. Wogula sizimukhudza. Amene zimamusowetsa tulo ndi wolemba pulogalamu yodzidinira yokha mabatani poyesa webusaiti, chifukwa pulogalamuyo imakanirira kuti batani palibe, iye akuliona ndi maso ake.

Gwero la zonsezi ndi mpikisano wa Netscape ndi Microsoft. Netscape Navigator 2.0 inabweretsa njira yogawa windo la browser m'zigawo zotchedwa frame, chigawo chilichonse ndi tsamba lake. Microsoft inabwera ndi iframe mu Internet Explorer 3.0 ya 1996, yotheka kuiika paliponse pakati pa mawu monga amaikira chithunzi, ndipo mu Disembala 1997 bungwe la W3C linailowetsa mu HTML 4.0. M'zaka zomwezo Netscape inakhazikitsa lamulo limene likadalipo mpaka lero: khodi ya JavaScript ya webusaiti ina siiloledwa kuwerenga kapena kusintha za m'tsamba la webusaiti inzake. Zili ngati landilodi ndi walendi. Nyumba ndi ya landilodi, koma sangangolowa m'chipinda chimene anachititsa lendi n'kuyamba kutsegula masutikesi.

Chimene ambiri aiwala n'chakuti Selenium, pulogalamu yoyesera imene inadzatchuka kuposa zonse, nayonso inabadwira mu frame. Jason Huggins anailemba mu 2004 ali ku ThoughtWorks mumzinda wa Chicago. Webusaiti yoyesedwa inkatsegulidwa mu frame, JavaScript ya Selenium ili pambali n'kumadina ndi kulemba m'mabokosi. Lamulo la Netscape lija linaigwira pakhosi nthawi yomweyo, moti inkagwira ntchito pokhapokha itaikidwa pa seva imodzi ndi webusaitiyo. Paul Hammant anapeza pozembera: mu Selenium RC munali seva yapakati yonamiza browser kuti zonse zikuchokera malo amodzi. Koma eni mawebusaiti nawo anali ndi mantha awo. Ambiri ankaika kakhodi kothawitsa tsamba lawo likangozindikira kuti lili mu frame ya wina, ndipo Jeremiah Grossman ndi Robert Hansen ataonetsa mu 2008 mmene akuba angabisire tsamba la eni mu iframe yosaoneka kuti munthu adine chimene sakudziwa, Internet Explorer 8 ya 2009 inabweretsa X-Frame-Options, njira yoti tsamba likaniretu kuikidwa mu frame. Kwa tsamba lotero, woyesa ndi wakuba ankaoneka chimodzimodzi. Selenium inachita kuwonjezera njira yotsegulira webusaiti pa windo lakelake.

Kusintha kwenikweni kunadza ndi WebDriver ya Simon Stewart, imene inaphatikizidwa ndi Selenium n'kutuluka ngati Selenium 2.0 mu 2011. WebDriver simakhala m'tsamba. Imalamula browser ili kunja, choncho lamulo loletsa JavaScript siliikhudza. Komabe inabwera ndi mwambo wake. Nthawi iliyonse imayang'ana tsamba limodzi lokha, ndiye woyesa amayenera kuiuza kuti lowa umu ndi switchTo().frame(), potchula nambala ya frame, dzina lake kapena iframe yeniyeniyo, kenaka tuluka ndi defaultContent(). Ngati iframe ili m'kati mwa inzake, amalowa imodziimodzi. Akaiwala kutuluka, lamulo lotsatira limafunafuna batani m'malo olakwika n'kugwa ndi NoSuchElementException, uthenga umene sutchula n'komwe za frame. Akalowa msanga iframe isanamalize kutseguka, mayeso amakhoza lero n'kulephera mawa popanda wasintha kanthu, n'chifukwa chake panabwera lamulo la dzina lalitali lija, frameToBeAvailableAndSwitchToIt. Kutchula frame ndi nambala ndiye kunali koopsa kwambiri, chifukwa a zamalonda akangowonjezera kabokosi ka malonda pamwamba, manambala onse amasuntha. Ngakhale zinali choncho, mu Juni 2018 W3C inavomereza WebDriver kukhala muyezo, kulowa ndi kutulukako kuli momwemo.

HTML5 ya 2014 inataya ma frame akale a Netscape koma inasunga iframe, poti makanema a YouTube, mapu ndi malonda zinali zitadalira kale iyoyo. Khoma lolekanitsa mawebusaiti linakweranso vuto la chitetezo lotchedwa Spectre litaululidwa mu Januwale 2018: kuyambira Chrome 67, iframe yochokera ku webusaiti ina inayamba kuyendetsedwa payokha m'kompyuta, yotalikirana ndi tsamba loizungulira, ndipo zida zoyesera zinayenera kuphunzira kuilondola kumeneko.

Zida zatsopano zinagawanika. Cypress inabwerera ku nzeru ya Huggins, kutsegula webusaiti mu iframe n'kuiyesa ili m'kati mwa browser, ndipo inakumananso ndi khoma lomwe lija. Iframe ya webusaiti imodzimodzi imafikika kudzera mu contentDocument, koma pa ya webusaiti ina, ambiri amangozimitsa chitetezo polemba chromeWebSecurity: false. Ine njira imeneyi sindiikhulupirira kwenikweni, chifukwa browser yozimitsidwa chitetezo si imene wogula ali nayo pa foni yake. Playwright ya Microsoft, yotuluka mu 2020, inalondola njira ya Puppeteer ya Google yolankhula ndi browser mwachindunji, ndipo ndi frameLocator inathetsa kulowa ndi kutuluka kuja: woyesa amatchula iframe ndi batani pa mzere umodzi, pulogalamu n'kudikira yokha.

Kulowa mu iframe kutaphweka, funso lina linaonekera poyera: za m'katimo n'za ndani? Kampani yolandira ndalama ikasintha kabokosi kake usiku, mayeso a sitolo amagwa m'mawa ngakhale sitoloyo sinalakwitse kanthu. N'chifukwa chake magulu ambiri amasiya mayeso ochepa okha oti azidutsa mu iframe yeniyeni, pogwiritsa ntchito makhadi ongoyesera monga 4242 4242 4242 4242 ya Stripe, ndipo m'mayeso ena onse amaikapo tsamba longoyerekeza. Pa reCAPTCHA ndiye palibe chida chingathandize, poti kabokosi kameneko kanapangidwira kugwira maloboti, ndipo pulogalamu yoyesera ndi loboti. Google, mwini wake wa reCAPTCHA, inachita kupereka makiyi apadera oyesera amene amalola aliyense kudutsa.