Kuyeza ubongo wa khanda lobanika: mbiri yake ndi funso la ku Kasungu

Mwana akabadwa osalira pa chipatala chaching'ono cha pakati pa maesiteti a fodya ku Kasungu, mzamba amakumana ndi funso lomwe lasautsa madokotala kwa zaka zoposa 70: kodi ubongo wavulala motani?

Poyamba yankho linkachokera m'maso ndi m'manja. Mu 1953 Virginia Apgar anafalitsa njira yopereka mapointi poona mtima, kapumidwe, khungu, kulimba kwa thupi ndi momwe mwana akuchitira akakhudzidwa. Njirayi imaonetsa yemwe akufunika thandizo msanga, koma siinena zambiri za tsogolo la ubongo. Mu 1976 Harvey ndi Margaret Sarnat anagawa kuvulalaku m'magulu atatu, ndipo mu 1997 gulu la Thompson ku Cape Town linatulutsa ndondomeko yosalira makina, yoyenera zipatala ngati zathu.

Ofufuza ena anatembenukira ku magazi. Mu 1965 Blake Moore anapeza puloteni ya S100 mu ubongo wa ng'ombe, ndipo mu 1971 gulu la Lawrence Eng linafotokoza ya GFAP. Ganizo lake n'losavuta: maselo a ubongo akaonongeka, mapuloteniwa amatayikira m'magazi. Kuyeza kwake ndiye kovuta. S100B imachokeranso ku mafuta a m'thupi. NSE imapezekanso m'maselo ofiira, moti magazi akaonongeka potengedwa, zotsatira zimanama. Mu 2018 bungwe la FDA ku America linavomereza kuyeza GFAP ndi UCH-L1, koma kwa akuluakulu ovulala m'mutu, osati makanda.

Chomwe chinkafulumizitsa kafukufukuyu ndi chithandizo choziziritsa thupi la mwana, chomwe chiyenera kuyamba asanathe maola 6. Nthawi imeneyi ndi yochepa kwa mwana wa tenanti amene ayenera kufika kaye ku chipatala chachikulu cha Kasungu, kenako kuyenda makilomita oposa 100 kupita ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Komanso mu 2021 kafukufuku wa HELIX, pa makanda 408 a ku India, Sri Lanka ndi Bangladesh, anapeza kuti ana oziziritsidwa anamwalira ambiri kuposa anzawo.

Choncho ndikuona kuti ku Kasungu ntchito ya kuyeza magaziku ingakhale ina: kuthandiza mzamba kusankha mwana woti akwere ambulansi usiku womwewo, ndi woti aziyenderedwa mpaka atayamba kukhala, kuyenda ndi kuyankhula.